Chitenge Chanu cha Nkhanga

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Kafue tilipo ndithu, ndipo lero ndili ndi nkhani yoti ndikagona nayo mimba indiphulika. Makina osokera ndawavundikira dzuwa likadali pamutu, mayunifomu a ana asukulu ndawaunjika pampando, eni ake ayambe adikira. Ndakhala pakhonde pomwe munkasadzulira chibwabwa, ndipo ndikungoseka ndekha, moti wodutsa akhoza kuganiza kuti ndalawirira mowa. Koma paja mukumudziwa Ganizani wanu, kuyambira ndili mwana nthuli ya nyama ndinkaisungira nthongo yomaliza. Choncho mudekhe, ndiyambe ndi zamasamba.

Munda wanu wa ku Shimabala uliko. Chaka chimene munatisiya mvula inatinyanyala, chimanga chinapserera chisanatulutse ngayaye, tinangokolola mapesi. Chaka chino yabweza mtima. Tadzaza chimanga m'kachipinda kaja munkasungamo nsomba zouma, ndipo maungu achita kutitopetsa, tikungogawira aliyense wobwera kudzayesa zovala. Mtengo wa mango wakuseri unathyoka nthambi ndi mphepo, nthambiyo nkugwetsa chingwe choyanikapo zovala, koma wabereka bwino. Madzi kumpopi amabwera pamene afunira okha, malaiti nawonso chimodzimodzi, moti makina anu akale opalasa ndi miyendo aja ndiwo akundidyetsa. Achimwene anga awiri ali bwino kumene ali. Amaimba foni akakumbukira, ndipo sakumbukira kawirikawiri.

Mpanda wanu wa zitsamba sitinaukhudze. Watalika kupitirira mutu wa Atate, ndipo zitini zija munamangirira pageti kuti zizilira munthu akamatsegula zikadalipo, zachita dzimbiri koma zikulirabe. Tili ana tinkadabwa kuti nyumba zonse za njanji mumzere wathu zili ndi mipanda yolekeza m'chiuno, yathu yokha ngati ya ndende. Tikafunsa munkangoti, "Nyumba nayonso imavala." Mlendo aliyense, ngakhale wachibale, ankayenera kuodira ali kunja kwa geti nkudikira. Zimenezi muzisunge, ndibwererakonso.

Tsopano nkhani yoyamba yaikulu. Muli ndi mdzukulu wamkazi. Inu amene munabereka anyamata okhaokha atatu, nkumadandaula kuti mulibe womuluka tsitsi, mtsikana wabwera inu mutapita. Mpongozi wanu Mutinta anachira bwinobwino, ndipo mwanayo tsopano ali ndi miyezi isanu ndi itatu, timano tiwiri tapansi tatuluka. Dzina anatcha ndi Atate, ndipo sanachedwe kuganiza. Ndi Enelesi, dzina lanu. Watenga mphuno yanu, watenganso kayang'anidwe kanu kaja kam'mbali mukamva munthu akunama. Atate amamutchula kuti mkazi wanga. M'mawa uliwonse amaima pakhomo pa chipinda chathu nkufunsa kuti mkazi wawo wauka bwanji. Koma kumunyamula kwake kunali kumukhazika pamwendo pang'ono, akangoyamba kukwinya nkhope nkumubweza msangamsanga kwa amake.

Mukuchikumbukira chitenge chanu chobiriwira cha nkhanga? Chija munkati munatiberekera tonse atatu, nkumakana kuchisandutsa chopukutira m'manja ngakhale chinasuluka. Ndi chomwecho munafunda tsiku lomaliza lopita kuchipatala. Mvula inali itadula msewu wathu, takisi inakana kulowa, ndipo pamene ife anyamata tinkakangana kuti tikunyamuleni bwanji, Atate anangowerama nkukuikani kumsana. Anayenda nanu mpaka kumsewu wa phula, matope mpaka m'mawondo, osalola aliyense kuwalandira. Anthu anatuluka m'makomo kudzaona. Ine ndinkabwera pambuyo nditagwira nsonga ya chitengecho kuti isakhudze matope.

Maliro atatha, abale anu a ku Katete anagawa katundu wanu monga mwa mwambo, zachizimayi kwa azimayi. Mapoto, mithiko, mtondo, maduku, zonse zinapita. Ine anandipatsa wailesi. Koma atatulutsa chitenge cha nkhanga ndinangoona dzanja langa latambasuka lokha. Nyumba yonse inaseka, pamaliro pomwepo, ndipo azakhali a Tisiyenji, alongo awo a Atate aja okhala ku Lusaka, anandifunsa ngati ndikukavina chinamwali. Ndinachitengabe. Ndinachisoka m'mphepete momwe munasosoka, nkuchiikira nsalu ina mkati kuti chilimbe. Panthawiyo ndinkangofuna kusunga fungo lanu, sindinkadziwa kuti chidzagwiranso ntchito.

Mutinta ntchito ija ya zamagetsi anaipeza. Inu munamusiya akadali kukoleji, mukumuseka kuti mkazi wokwera makwerero adzaphika liti, chonsecho nsomba yonona mukusungira iye. Anamulemba pafakitale ina ya kuno, ndipo pagulu lawo wamkazi ndi iye yekha. Mukanamuona atavala ovolosi ndi chisoti, Amayi, ine mwamuna wake ndimachita naye manyazi ngati ndikumufunsira kumene. Masiku ake opuma a uchembere atatha tinakhala pansi. Iye amachoka m'mawa nkubwera dzuwa litapendeka, pamene ine makina anga ali pakhonde pano, sindipita kulikonse. Amayi ake ku Shimabala miyendo ikuwavuta. Ndinatchulapo zoitanitsa mwana wa achibale kumudzi kuti azidzalera, Mutinta anakana kwamtuwagalu. Iye mwini anachotsedwapo pasukulu zaka ziwiri ali wamng'ono kuti akalere khanda la achibale ku Mazabuka, ndipo analumbira kuti mwana wake sadzadyera mwana wa wina sukulu. Titayang'anayang'ana, amene anatsala ndinali ine.

Ndisakunamizeni, poyamba ndinkadziona ngati mngelo. Ndikatsuka mbale ndinkazigunditsa dala kuti zimveke, kenako nkudikira zikomo. Tsiku lina ndinauza mayi wina wodzatenga diresi lake kuti ndachedwa kusoka chifukwa ndikuthandizako akazi anga. Mutinta anamva. Mlendoyo atapita anandifunsa mofatsa, "Ba Gani, muthandiza ndani? Mwana ni wanu, mbale mwadyelamo imwe. Ine nikasuka sinikamba ati nakuthandizani." Ndinatupa tsiku lonse, nshima ndinadya nditayang'ana kukhoma. Koma madzulo ake ndinakumbukira inu mutandiimika pamtondo ndili Giredi 5, ine ndikulira kuti anzanga andiseka, inu mukuti, "Sinja, manja alibe ndevu." Ndinaseka ndekha, mkwiyo nkuthera pomwepo.

Ndiye tinagawana. Masana mwana ndi wanga, phala lake, matewera ake, mkaka umene amake amakama m'mawa nkusiya m'botolo, kusesa ndi chakudya cha Atate chamasana. Mutinta akafika amayamwitsa nkuphika chamadzulo, ine nkubwerera kumakina. Loweruka timachapa tonse. Kusita kokha ndi kwanga kuyambira kale, telala salola wina kumuwonongera mzere wa thalauza. Timakanganabe, musaganize kuti mwakhala mwa abusa muno. Iye amati ine ndikamatsuka poto ndimaiwala kuti poto ali ndi kunja, ndipo ndi zoona. Ine ndimati iye akafika amaponya nsapato zake zachitsulo pakati pa khomo ngati mwamuna, ndipo ndi zoonanso. Munkakonda kunena kuti walira mvula walira matope. Mwanayu tinamulira ndithu, ndipo matope ake ndawadziwa bwino, amitundu yonse.

Vuto linali limodzi. Enelesi anazolowera msana, pamphasa sagona. Ndiye ndinatulutsa chitenge chanu m'sutikesi nkuyamba kumubereka. Koma palibe anandiuza kanthu kena. Inu azimayi mumamanga chitenge pamwamba pa mabere, ndipo chimapeza pogwirira. Ine chifuwa changa ndi thabwa. Ndikamanga, ndiyende pang'ono, chatsetserekera pamimba, mwana ali pamatako akundimenya ndi timiyendo. Ndinkangoyenda dzanja limodzi lili kumbuyo ngati munthu wodwala msana. Mutinta anayesa kundiphunzitsa, koma iye amadziwa kamangidwe ka azimayi kokha. Atate ankaziona zonsezi ali pampando wawo pansi pa mango. Miyezi iwiri yathunthu ankangotembenuzira nkhope kuwailesi.

Lachinayi lapitali linali tsiku la sikelo. Miyezi yam'mbuyomu Mutinta ankapempha nthawi kuntchito, koma ulendo uno anali ndi ntchito yosasiyika. Ndinamubereka Enelesi, khadi lake m'thumba la malaya, zitini za pageti nkulira, ine ndili panja. Amayi, msewu wa kukiliniki sindinauonepo kutalika chotero. Azimayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Kondakitala wa minibasi ina anandikuwira kuti ndikwere ulere pamodzi ndi amuna anga. Kukiliniki anesi anakondwera, nkundiuza kuti ndidutse kutsogolo popeza abambo obwera ndi ana amawathandiza msanga. Ndinachita manyazi, pakuti panali azimayi amene anafika kusanache, ena ndi ana awiri, ndipo palibe anawaombera m'manja. Ndinakhala pamzere monga aliyense. Mdzukulu wanu wakwera sikelo bwino, anesi anati ndipitirize phala la nsinjiro.

Pobwerera ndipamene ndinalakwitsa njira. Ndinadzera kusitesheni, kuiwala kuti pansi pa mtengo uja pamakhala nkhalamba zopuma pantchito ya njanji zikusewera nsolo. Atate anali pomwepo, miyala ili m'manja. Ine ndikudutsa, chitenge chili pamimba monga mwa masiku onse, dzanja kumbuyo. Mmodzi wa anzawo, wa chipewa chofiira uja ankayendetsa sitima, anakweza mawu kuti onse amve. "Ba Phiri, uja si mwana wanu? Apapa mwana monga mukazi. Bamudyesa uja, mufunileni mankhwala asanze." Benchi yonse inagwa ndi phwete. Atate anaika miyala pansi nkunyamuka. Masana amenewo nshima yanga sanaikhudze, ndipo ndinawamva akuimbira foni azakhali.

Azakhali anafika Loweruka m'mawa ndi minibasi yoyamba, chikwama chachikulu ngati akudzakhala mwezi. Anayala mphasa pabalaza, Mutinta nkugwada pakhomo. Munkawadziwa bwino alamu anuwa, sazungulira. "Iwe Mutinta, alangizi bako banakuphunzisa chani? Mwana wa bene achapa matewela, iwe uli pamwamba pa makwelelo. Unamuikila chani mu ndiwo?" Mutinta misozi inkangodontha pachitenge. Ine ndinati, "Ba Anti, palibe chamene anaika. Vonse ivi ananiphunzisa ni amai banga." Azakhali anati ndisatchule wakufa pankhani ya manyazi. Kenako onse tinayang'ana Atate. Iwo anayankhula atayang'ana pansi. "Mu nyumba muno mwamuna sapapa mwana. Amake Enelesi asankhe, nchito olo ulemu wa nyumba ino."

Masana omwewo Mutinta anang'amba pepala m'buku langa la miyeso nkulemba kalata yosiya ntchito. Ndinamuchonderera. Ndinati tichoke, tikafune kachipinda kwina, tikakhale mmene tifunira. Anapukusa mutu. "Ba Tate bazasala na ndani? Bakulu banu bali kutali. Sinifuna kuti mukangane na batate banu chifukwa cha ine." Anapinda ovolosi yake bwinobwino, nkuika envulopu pamwamba pake, kuti Lolemba akapereke zonse pamodzi. Zaka zitatu za kukoleji, Amayi, kudzuka m'mamawa, kuwerenga ndi kandulo malaiti akapita, zonse zili mu envulopu ya khaki pamwamba pa kabati. Ndinakusowani tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro anu. Ndinkadziwa kuti mukanakhalapo mukanangowayang'ana Atate cham'mbali, nkhani nkutha.

Dzulo Lamlungu titabwera kutchalitchi m'nyumba munali zii. Mutinta ndi azakhali anali kuseri akukonza nkhuku, osayankhulana. Enelesi mano akumuvuta masiku ano, ndiye anayamba kulira kosatonthozeka. Ndinamuyendetsa pamanja, ayi. Ndinamupatsa supuni kuti aziluma, anaitaya. Ndinayang'ana Atate pampando wawo, ndinayang'ana mwana, nkunena mumtima kuti lamulo lawo liyamba mawa. Ndinatenga chitenge chanu nkumubereka pamaso pawo. Anatonthola nthawi yomweyo. Ndiye madzi anabwera kumpopi mwadzidzidzi monga amachitira, ine nkuthamangira ndowa. Nditawerama kuti ndiinyamule ndi manja onse awiri, mfundo inamasuka. Ndinamva mwana akuchoka kumsana kwanga, ndipo manja anga onse anali pandowa.

Sindikudziwa kuti Atate anafika bwanji. Munthu amene amatenga nthawi ya nyimbo yathunthu kuti adzuke pampando anali kale kumbuyo kwanga, Enelesi ali m'manja mwawo, mutu wake usanafike pasimenti ya pampopi. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo anandikalipiradi, koma osati monga ndinkaganizira. "Iwe, ulibe mabele, chizagwilila pati chitenge? Belama." Ndinawerama. Anamuika mwana kumsana kwanga, nsonga imodzi anaidutsitsa pamwamba pa phewa lamanja, ina pansi pa khwapa lamanzere, nkumanga mfundo pachifuwa, kukoka kawiri, kupisa nsonga mkati. Zala zawo sizinafunefune, zinkangopita zokha. Anandimenya paphewa nati, "Manje jumpa tione." Ndinadumpha, Amayi. Ndinadumphanso. Mwana ali nganganga, akuseka.

Nditatembenuka ndinapeza azakhali ataima pakona ya nyumba, mpeni uli m'manja, nthenga za nkhuku zili pamkono. Mutinta ali kumbuyo kwawo. Azakhali anafunsa pang'onopang'ono, "Alongosi, kamangidwe aka munakaphunzila kuti?" Atate anayang'ana manja awo ngati awapereka kwa apolisi. Anabwerera pampando, nkuzimitsa wailesi. Kenako anati, "Uyu wamene mukamba ati bamudyesa, anakulila pa musana panga. Na bakulu bake bonse babili."

Amayi, Amayi inu. Zaka zonsezi osatiuza? Anafotokoza zonse. Akuti masiku aja munkakwera sitima ndi mitolo ya nsomba zouma kukagulitsa ku Kopabeti, nkukhalako masiku atatu kapena anayi, woyamwa munkapita naye, koma wosiya bere ankatsala. Akakhala pashifiti ankatisiya kwa aneba, akaweruka nkutitenga, kutseka geti, kuvula yunifomu ya njanji nkuvala chitenge cha nkhanga. Ankaphika, ankachapa, nkuyanika zovala kuseri kuti anthu asaone. Akuti kamangidwe ka paphewa anakatulukira okha ine nditawagwa kamodzi m'dimba la repu, ndipo mwina n'chifukwa chake mutu wanga uli chonchi. Mpanda munabzala ndinu, tsiku limene mnzawo wina wa kuntchito anatsala pang'ono kuwapeza akusinja. Zitini za pageti zinali zowapatsa nthawi yomasula mwana nkukhala pampando ndi nyuzipepala.

Azakhali anakhala pansi pomwepo padothi. "Ndiye chifukwa chake ninali kuimilila pa geti mpaka mendo kubaba?" Anayesa kukwiya koma zinakanika, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku. Ngakhale Mutinta anabisa nkhope m'chitenge, mapewa akugwedezeka. Koma atatha kuseka azakhali anati za mkati mwa mpanda ndi zina, za pamsewu ndi zina, ndipo mkazi wa ovolosi adzafunabe kubereketsa mwamuna pamsewu. Atate anayatsanso wailesi. Za lamulo lawo la Loweruka sanatchule, ndipo envulopu inakhalabe pamwamba pa kabati. Nkhuku tinadya, koma ine sindinamve kukoma.

Tsopano nthuli ija. Lero m'mawa Mutinta anavala diresi wamba, ovolosi ili m'pulasitiki, envulopu m'manja. Anamupsompsona mwana nkundipatsa, osandiyang'ana m'maso. Titatuluka tinapeza Atate atakhala pakhonde, mbaula ili patsogolo pawo, makala ataunjika koma osayatsa. Chiyambire sindinawaonepo akuyatsa mbaula. Mutinta anagwada kuti atsanzike. Iwo anati, "Amake Enelesi, ka pepala ako letani kuno, malasha yakana kuyaka." Mutinta anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumwamba. Anawapatsa ndi manja awiri. Atate sanaitsegule. Anaipotokola, anaipisa pansi pa makala, anakhwatcha machesi, nkuyamba kukupiza ndi chivundikiro cha poto. Moto utagwira anati, "Kavaleni maovolosi, muzachedwa."

Mutinta anathamangira m'nyumba ngati mtsikana wa sukulu. Ine ndinangoima ndi mwana, kukamwa kuli yasa. Atate anadzuka, anavala jekete lawo la kutchalitchi, nkundiuza kuti ndibweretse chitenge. Ndinaganiza kuti akufuna kundionetsanso kamangidwe. Ayi. Anawerama okha, monga anawerama tsiku lija la matope, nati ndiwaikire mwana. Anamanga, anakoka kawiri, anapisa nsonga. Azakhali anatuluka ndi mswachi m'kamwa nkufunsa kuti akupita kuti chonchi. Anayankha kuti akuperekeza apongozi awo kubasi. Zitini za pageti zinalira, Amayi, ndipo ulendo uno palibe anathamangira kumasula mwana.

Tinayenda mzere wonse wa nyumba za njanji. Patsogolo Atate, jekete lakuda, nkhanga zanu zili pamwamba pake, kamutu ka Enelesi kakusuzumira paphewa. Pambali pawo, motalikira pang'ono mwaulemu, Mutinta ndi ovolosi ndi chisoti m'manja. Pambuyo ine ndi botolo la mkaka. Makatani ankagwedezeka m'mawindo. Atate ankapereka moni khomo lililonse, mokweza, ngakhale kwa anthu amene sayankhulana nawo. Mutinta atakwera basi anatulutsa mutu pawindo, nkhope yonse misozi, akuseka. Ine ndinati tsopano tibwerere. Atate analowera kusitesheni.

Paja nkhalamba zija zimafika pamtengo m'mawa ngati zikadali pantchito. Zinali zitayamba kale nsolo. Zitationa miyala inaima. Wa chipewa chofiira uja anatsegula pakamwa, koma Atate anamuyambirira. "Napapa mukazi wanga. Uja woyamba ninamupapa mu matope kuyenda naye ku chipatala, munaona monse, palibe anaseka. Manje sekani nimvele." Palibe anaseka. Ndinaona mmodzi akuvula chipewa, mwina anakukumbukirani. Kenako wa chipewa chofiira anasendera kumapeto kwa benchi kuwapatsa malo, anasuzumira kumsana kwawo nati mwanayu watenga mphuno ya ambuye ake. Atate anakhala chakutsogolo kuti asamupane, nkutola miyala. Anasewera katatu ndipo katatu konse anawadya, chifukwa Enelesi ankawakoka khutu. Ine ndinaima kumbuyo kwa mtengo ndikulira ngati mwana, botolo lili m'manja.

Musaganize kuti asanduka munthu wina. Titafika kunyumba mwana anaipitsa, ndipo Atate anandipatsa msangamsanga nati mbali imeneyo anapuma pantchito kalekale. Azakhali akwera minibasi masana ano akung'ung'udzabe kuti dziko latha, koma ndinawaona akuika ntchafu ya nkhuku yotsala m'mbale ya Mutinta nkuvundikira. Anthu ayankhulabe, ndikudziwa. Kondakitala uja mawa adzakuwanso. Koma panopa ndikulemba, Atate ali pansi pa mango akusinza, Enelesi ali kumsana kwawo akugona, ndipo ndikuyembekezera kumva nsapato zachitsulo zija zikuponyedwa pakati pa khomo.

Ndili nanu kamlandu kamodzi kokha. Munandiphunzitsa kusinja, kuphika ndi kuchapa, koma munandibisira kuti amene ankachita zimenezi inu mukachoka ndi Atate. Ndinakula ndikuganiza kuti ndine ndekha mwamuna wa manja opanda ndevu m'banja muno, ndipo Lachinayi pamtengo paja ndinatsala pang'ono kukhulupirira kuti mwina ndinedi wolakwika. Komabe ndikumvetsa. Masiku amenewo akanawaseka mpaka kuwathamangitsa pabenchi, ndipo inu munawaveka mpanda monga munkativekera majuzi nthawi yozizira. Munawasungira ulemu wawo zaka zonsezi mpaka kupita nawo kumanda. Lero auvula okha, ndipo sanazizidwe.

Mvula ikatha tibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo Enelesi adzabwera ali m'chitenge chanu. Sindikudziwa kuti adzakhala pamsana pa ndani, chifukwa taonani tayamba kale kulimbirana. Ndikulonjeza kuti Mutinta sadzalembanso kalata ngati ija ine ndili moyo, ndipo mdzukulu wanu akadzakula ndidzamuuza zonse, za sitima, za nsomba, za dimba la repu, osabisa kanthu. Ndiye mundikhululukire pa chinthu chimodzi, Amayi. Ndabwereka chikwanje kwa aneba. Loweruka likubwerali mpanda wanu ndiudula kulekeza m'chiuno, ndipo Atate ati adzandigwirira mwana.

Gonani bwino kumeneko. Timakukondani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu wotsiriza, wa mutu wogwa m'dimba,
Ganizani